Nkhope ya a Zebedee

Tsiku limenelo mai Mirriam Chimbalanga anatsika minibasi pa Biwi dzuwa litangolowa, mphuno zili tho ndi fumbi la mapepala. Anagula mpiru ndi tomato pamsewu, n'kukhotera kanjira ka kuseri kwa chigayo. Magetsi anali atazima kale, za masiku onse. Ana ankathamangitsana m'fumbi, utsi wa mbaula uli tolotolo pakhomo lililonse. Panalibe chachilendo ayi.

Kuno ku Biwi timawadziwa kuti amake Tina. Tinayo anakwatiwa ku Kasungu, bambo ake anatisiya kalekale, ndiye mayiwa ankakhala okha m'nyumba ya lendi, khomo loyang'anizana ndi la mai Ennie ogulitsa mandasi. Ntchito ankagwira ku ofesi ina ya boma, m'chipinda chapansi mosungira mafayilo. Anthu oterewa inu simuwaona. Mumangomva kuti fayilo yanu yasowa, n'kuyamba kutukwana munthu woti simunamuonepo.

Chaka chimenecho ofesiyo inkasamukira ku nyumba yatsopano, ndipo kumeneko kunalibe malo a mapepala akale. Abwana awo, a Mcdonald Mhango, anawapatsa choko chamitundu iwiri. Chobiriwira chinali cha mafayilo opita ku nkhokwe ya boma ku Zomba kukasungidwa. Chofiira chinali cha opita ku moto. Lamulo lake losavuta n'komwe. Za malo, za milatho, mapu, mfundo za akuluakulu, mafayilo a mabwana, zonsezo chobiriwira. Za alonda, amesenjala, osesa, aganyu a mumsewu, anthu oti anasiya ntchito kapena kumwalira zaka zambiri zapitazo, chofiira. Zonyowa ndi zodyedwa ndi chiswe, chofiira, osavutika n'kutsegula komwe. Lole yodzatenga za ku moto inkabwera Lachisanu.

Musaganize kuti a Mhango anali munthu woipa. Anali mkulu wa mpingo, waulemu wake, wolankhula motsitsa.

"Mayi, denga likudontha, chiswe chikudya usana ndi usiku," ankatero. "Tikati tisunge zonse, tiwononga ndi zofunika zomwe."

Ndipo ankanena zoona.

Koma masana a tsiku lomwelo kunali kutabwera mayi wina wa ku Mgona, khanda kumbuyo, manja akununkha usipa umene amagulitsa. Anati dzina lake ndi Felesita. Anaima pakhomo la chipindacho, osalowa.

"Bambo anga anali mlonda ku kampu ya anthu okonza misewu," anatero. "A Zebedee Chinkhota. Anamwalira ine ndili m'mimba. Mwezi uno tikuvundukula chiliza chawo kumudzi ku Dowa, ndiye abale akuti tisindikize chithunzi chawo pa malaya ngati achitira anzathu masiku ano. Koma chithunzi palibe. Amayi anamwalira osatisiyira. Wina wandiuza kuti boma limamata kachithunzi pa fayilo ya wantchito aliyense."

Anakonza nsalu ya mwana, n'kutsitsa mawu.

"Za malayazo zilibe kanthu, mayi. Ine ndingofuna ndiwaone. Ndakula mpaka kubereka osadziwa kuti ndinafanana ndi ndani."

Mai Chimbalanga anacheukira milu ya mafayilo. Mitolo yomangidwa ndi chingwe cha khonje, yosanjikizana mpaka kudenga, uliwonse uli ndi mtanda wofiira. Msana unkawawa, mimba ili pululu. Pakamwa panangoyankha pokha.

"Mubwere mawa."

Mawu awiri amenewa ku ofesi si bodza, komanso si lonjezo. Ndi katsekedwe ka chitseko ka ulemu basi. Felesita anathokoza, n'kupita.

Ndiye madzulowo, mpiru uli pamoto, mai Chimbalanga anali ataiwala kale za mayi wa ku Mgona. Anayatsa kandulo. Anavula nsapato. Kenako anamva mawu panja.

"Odi."

Mawu a mwamuna, otsika, osafulumira. Anadikira kuti mwina ndi mlendo wa mai Ennie.

"Odi kuno, adona."

Adona! Ndani amatchula munthu choncho masiku ano? Anatsegula chitseko pang'ono, kandulo ili m'manja.

Kumapeto kwa khonde kunakhala bambo wina. Anakhala cham'mphepete, mawondo pamodzi, chipewa m'manja, mmene anthu amakhalira pa benchi la ku ofesi. Anavala chijasi chachitali cha alonda akale. Mwezi wa Okutobala umenewo, inu, kotentha koti ngakhale nkhuku zinkayasamula. Agalu a m'dera lonse anali zii. Ndipo panali fungo. Fungo la chuku, la pepala lonyowa, lomwe lija la m'chipinda chapansi.

Anakweza kandulo kuti aone nkhope. Kolala ya jasi inaoneka. Makutu anaoneka. Koma pakati pake panali poyera mbuu, pofufutika, popanda poti diso n'kugwira.

"Ndine Zebedee Chinkhota, mlonda," anatero bamboyo. "Ndabwerera za mwana uja. Mwamuuza kuti abwere mawa. Mgona n'kutali, ali ndi khanda. Ndiye ndati ndizibwera ndine."

Mai Chimbalanga anafuna kukuwa, mawu osatuluka. Anafuna kupemphera, pemphero losabwera. Chimene chinabwera ndi chomwe lilime linazolowera zaka zonsezi.

"Mu... mubwere mawa."

Abale inu! Munthu wamoyo ukamuuza kuti abwere mawa amatopa, amakwiya, kenako amaleka. Nanga wakufa angatope ndi chiyani? Wakufanso wake mlonda, woti kudikira ndiyo inali ntchito yake.

"Zikomo, adona," anatero bamboyo.

Anadzuka, anavala chipewa, n'kulowera cha ku chigayo. Nsapato zake sizinamveke. Pamene anakhala panatsala chinyontho pa simenti.

Usiku umenewo mpiru unapserera mumphika, ndipo palibe anaudya.

M'mawa mwake anafika ku ntchito mlonda wa pageti asanamalize n'komwe kusukusula. Anayamba kumasula mitolo yofiira imene anaimanga okha. Anzawo a m'chipinda chapamwamba anawaseka.

"Amayi Chimbalanga, mwaiwalamo chiyani, ndalama ya chipereganyu?"

Iwo anangopitiriza. Ankatsegula fayilo, kuwerenga dzina, kutseka, kutenga ina. Kale lonse ankangoona chaka cha pachikuto n'kulemba mtanda. Tsopano anayamba kuona nkhope. Tizithunzi ting'onoting'ono, tachikasu, tobayidwa ndi kawaya pakona. Anyamata ometa bwino, maso ali tong'o kuopa kamera. Amayi osesa atamanga duku mwaluso. Anazindikiranso kanthu kena kamene kanawalasa mtima. Amuna ambiri anavala jekete limodzi lomwelo, lamizeremizere, lalikulu m'mapewa. Linali la mwini situdiyo. Anthuwa analibe jekete lawo, koma anafuna kuti boma liwaone ali otchena.

Fayilo ya a Zebedee sinapezeke. Felesita sanabwere.

Madzulo, magetsi atazima, mawu aja anamveka.

"Odi, adona."

Sanatsegule. Anayankhira m'kati, atatsamira chitseko.

"Ndikufunafuna, bambo. Sinapezeke."

"Zikomo, adona. Ndibwera mawa."

Ndipo anabweradi. Tsiku lotsatira, ndi lotsatiralo. Sankagogoda, sankaopseza, sankakweza mawu. Ankangokhala pamalo pake paja, chipewa m'manja. Chinyontho chija pa simenti chinasiya kuuma.

Mai Ennie anawapeza pa mpopi m'mawa wina, n'kuwakokera pambali.

"Amake Tina, madzulo mumalankhula ndi ndani? Ine ndikasuzumira ndimangoona chitseko chanu chokha. Koma fungo lake, mayo! Ngati matilesi onyowa. Agalu osauwa. Tiitane abusa, mwamva?"

"Sanabwere kudzandipweteka," anatero mai Chimbalanga. "Ali pamzere basi."

"Mzere wa chiyani?"

"Wa ku ofesi."

Mai Ennie anangogwira pakamwa, ndowa n'kusefukira.

Mantha aja anayamba kusanduka chisoni. Mai Chimbalanga ankagona akuganiza za Felesita ataima pakhomo, osalowa. Ankaganiza za Lachisanu. Anapita kwa a Mhango kukapempha kuti lole ichedweko sabata imodzi.

"Sizingatheke, mayi," anatero a Mhango. "Makiyi a nyumba ino tikubweza. Kodi mukufuna chiyani m'mitolo imeneyi?"

"Chithunzi cha mlonda wina. Mwana wake sanamuonepo."

A Mhango anavula magalasi, n'kupukuta m'maso.

"Mukachipeza, chotsanimo mumupatse. Koma lole ikubwera Lachisanu."

Lachinayi masana panatsala ngodya imodzi yokha, ija ya pansi pa paipi yodontha. Mitolo ya pamenepo anailemba mtanda osaitsegula, monga mwa lamulo. Mapepala anali atamatirirana, olimba ngati njerwa. Anatenga mpeni wosendera mbatata umene ankasunga mu dirowa, n'kuyamba kulekanitsa pang'onopang'ono. Mphemvu zinabalalika. Zikuto zina zinkangonyenyeka m'manja.

Kenako analiona. Inki inali itayenderera, koma dzina linkawerengeka. Chinkhota, Zebedee. Mlonda.

Analowetsa mpeni, anatembenuza chikuto.

Kachithunzi kanalipo, pakona pake, kawaya kake katachita dzimbiri. Jekete lamizeremizere lija linalipo. Kolala inalipo. Makutu analipo, aakulu, otambasuka. Koma nkhope madzi anali atadya. Panali poyera mbuu, pofufutika, chimodzimodzi zimene anaona pakhonde.

Anakhala pansi, pafumbi pomwepo, n'kulira. Analira ngati wamwalira ndi m'bale wawo. Paipi ija anaidandaulapo kangati? Zaka zingati madziwo akudontha pa nkhope ya munthu, dontho limodzilimodzi, iwo ali pa tebulo lawo pomwepo akumwa tiyi?

Madzulo amenewo sanadikire kuitanidwa. Anatulutsa mpando, anakhala pakhonde, kandulo ili pansi. Mdima utangokhudza madenga, agalu anati zii. Fungo lija linafika. Atatembenuka, bamboyo anali atakhala kale pamalo pake.

"Odi, adona."

"Ndaipeza, bambo."

Bamboyo anadzutsa mutu.

"Koma nkhope palibe. Madzi anadya. Pepani. Pepani kwambiri."

Kutali wina ankakhoma lata. Mwana wa mai Ennie ankalira chakudya.

"Ndimaganiza choncho," anatero bamboyo. "Nanenso ndinaiiwala. Ndimati mwina mukaipeza, ndidziona nawo."

Mai Chimbalanga anatseka kumaso ndi nsalu.

"Nanga dzina lilipo, adona?"

"Lilipo. Ndi chidindo cha chala chanu."

"Ndiye musanditumize ku moto. Nkhope yapita, dzina litsaleko. Ndinalondera boma usiku wonse wa moyo wanga. Lindilondereko nalonso."

Sanadikire yankho. Anadzuka, anavala chipewa. Ulendo uno sananene kuti abwera mawa.

Lachisanu m'mawa lole inaima pakhomo la ofesi, anyamata n'kuyamba kuponya mitolo. Mai Chimbalanga ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu, anafufuta mtanda wofiira pa fayilo ya a Zebedee, n'kulembapo chobiriwira. Ali m'kati mochita zimenezi, wina anatsokomola pakhomo. Anali Felesita, khanda kumbuyo.

"Mwana anadwala, mayi, n'chifukwa sindinabwere. Kaya mwapeza?"

"Lowani. Khalani apa."

Anamupatsa mpando wawo weniweni. Anatsegula fayilo, n'kumuuza zoona zonse asanaone, kuti asadzidzimuke. Felesita anayang'ana kachithunziko nthawi yaitali. Sanalire. Anapendeketsa mutu uku ndi uku, ngati mwina nkhopeyo ingatulukire akaionera mbali ina. Kenako anamasula mwana kumbuyo, anamuika pamiyendo, anamuvula kachipewa.

"Makutuwa," anatero. "Anthu amamuseka mwanayu makutu. Kwa bambo ake kulibe makutu otere. Kani ndi a agogo ake."

Anaika chala chake chachikulu pa chidindo chija, n'kuchisiya pomwepo. Apa m'pamene misozi inatsika, mwakachetechete, ikugwera pamutu pa mwana.

"Ndiye sindidzawaona, eti mayi?"

"Simudzawaona, mwanawe."

Felesita anabereka mwana wake, anathokoza pogwada, n'kutuluka. Kachithunziko anakasiya. Anati kakhale pamodzi ndi dzina.

Mai Chimbalanga analowetsa fayiloyo mu mtolo wa ku Zomba, pakati pa fayilo ya mlatho wina ndi ya bwana wamkulu wakale. Atakweza maso, a Mhango anali ataima pambali pawo. Anaona zonse. Anayang'ana chikuto chofufuma chija, anayang'ana choko chobiriwira chosaumabe.

"Mlatho umenewu uyenera kuti unali ndi mlonda," anatero a Mhango. "Mangani mtolo, mayi."

Lamulo limati mapepala a boma akamawotchedwa pakhale mboni. Mboniyo anali mai Chimbalanga. Anakwera kutsogolo kwa lole mpaka ku dzenje lina kuseri kwa Chigwirizano. Anyamata anathira dizilo, anaponya machesi. Zingwe za khonje zinayamba kuduka, mitolo n'kumasuka yokha, mafayilo n'kumatseguka ndi mphepo ya moto. Anaona tizithunzi tikupindika. Jekete lamizeremizere apa, duku apo, maso aja ali tong'o. Izi zinali nkhope zabwinobwino, zoti madzi sanazikhudze. Anatembenuka, koma kutentha kunkawapeza kumsana. Anasaina pamene anauzidwa kusaina.

Anatsika minibasi pa Biwi dzuwa litalowa, duku lili ndi timaphulusa takuda. Mtima unali wolemera, komabe ankadziuza kuti mmodzi yekhayo wapulumuka, ndipo lero agona tulo. Anagula tomato. Anakhotera kanjira ka kuseri kwa chigayo.

Agalu anali zii.

Fungo linawapeza asanaone kalikonse. Silinali la chuku. Linali la utsi.

Pakhonde pawo panadzaza. Anthu anakhala mondondozana, mawondo pamodzi, zipewa m'manja. Amene anasowa malo anaima pamzere. Mzerewo unatsika khonde, unadutsa pa mpopi, unatsata mpanda wa mai Ennie, n'kulowera kumdima cha ku ngalande. Majasi a alonda, maovolosi a mumsewu, makabudula a khaki a amesenjala, amayi a maduku. Palibe ankakankha mnzake, palibe ankalankhula. Nkhope zawo musandifunse.

Thumba la tomato linagwa. Anayenda pakati pawo mpaka pachitseko. Woyamba pamzere anadzuka, n'kuwerama pang'ono.

"Odi, adona. Ndine Lajabu Mwamadi, mesenjala. Tamva kwa a Zebedee kuti kuno mukuthandiza."

Mawu awiri aja anafika pa lilime. Anawamva akubwera, okonzeka, osalala. Analuma mlomo mpaka kulawa magazi.

"A Lajabu Mwamadi," anatero. "Pepani, bambo. Tawotcha lero."

Bamboyo anaweramanso pang'ono.

"Zikomo, adona. Bola mwandiuza."

Anavala chipewa, n'kupita. Wotsatira anasendera pamalo pake.

Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likangolowa amake Tina amatulutsa benchi pakhonde. Anachita kukagula kwa kalipentala wa pamsika, lalitali ndithu, munthu wokhala yekha. Amakhala pa mpando wawo, kandulo pansi. Odutsa amawamva akutchula dzina mokweza, kenako "pepani," kenako duu, kenako dzina lina. Maina ake oti m'dera muno mulibe.

Ena amati fumbi la mapepala linawalowa m'mutu. Ena amanong'ona za ufiti, ndipo amakokera ana awo kutali ndi khondelo. Tina anabwera kuchokera ku Kasungu kudzawatenga, iwo anakana. Anati sangachoke anthu ali pamzere.

Mai Ennie okha ndiwo salankhula zambiri. Madzulo amawapititsira tiyi, n'kumuika pansi cham'mbali, osadutsa kutsogolo kwa benchi. Tsiku lina ndinawafunsa pa mpopi kuti kodi zimenezi zidzatha liti. Anayang'ana kukhonde kuja, anatsitsa mawu.

"Inu, lole ija munaiona kukula kwake? Ndiye akuti inabwereranso kukatenga mitolo ina."